Kukonza Malo Osokera Pakhomo

Nkhani iyi ndi ya amayi ndi abambo amene ali ndi makina osokera pakhomo, ndi amenenso akusunga ndalama kuti adzagule. Makina osokera ndi chuma chachikulu. M'mabanja ambiri muli ana amene anaphunzira sukulu ndi ndalama zotuluka pansi pa singano. Koma chodabwitsa n'chakuti munthu amene anavutika zaka ziwiri kusonkhanitsa mtengo wake, tsiku limene makinawo afika amangowaika paliponse pamene pali mpata: kuseri kwa chitseko, pafupi ndi mtsuko wa madzi, kapena pangodya pamene denga limadontha. Pakapita chaka amayamba kudandaula kuti makina ndi oipa, maso akuwawa, ndi msana sukuwongoka. Kawirikawiri cholakwa sichikhala m'makina ayi, koma m'malo amene anaikidwa.

Mabuku a kusoka ochokera ku Ulaya ndi ku America amakonda kuonetsa chipinda chathunthu, chokhala ndi makabati kuzungulira makoma onse. Munthu wokhala m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Ndirande, ku Matero kapena ku Highfield akaona zithunzi zotere angathe kutaya mtima. Asatero. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngodya imodzi ya chipinda chochezera ikwanira, malinga ngati ntchito zitatu za wosoka, ndizo kudula, kusoka ndi kusita, iliyonse ili ndi pake, ndipo kuchoka pa ina kufika pa inzake sikutenga mapazi opitirira atatu.

Choyamba kuchiganizira ndicho kuwala, ndipo pamenepa m'poyenera kuchedwapo, pakuti makina angagulidwe ena koma maso sagulidwa. Amene ayang'anitsitsa makina adzaona kuti singano ili kumanzere, pamene thupi lokhuthala la makinawo ndi gudumu lake zili kumanja. Tsono kuwala kukachokera kumanja, thupi limenelo limaika mthunzi pamalo penipeni pamene singano ikulowa m'nsalu. Kukachokera kumbuyo, mutu ndi mapewa a wosoka mwiniyo zimatchinga. Kukachokera kutsogolo, ndiye kuti wosoka akuyang'ana zenera tsiku lonse, ndipo kuwalako kumam'thobwa m'maso, kotero kuti nsalu imene ili m'manja mwake imaoneka yakuda kuposa momwe ilili. Malo abwino ndi pamene zenera lili kumanzere kwa wosoka, chakutsogolo pang'ono.

Palinso funso la mbali imene zeneralo layang'ana, ndipo apa mabuku akunja angathe kusokeretsa munthu. Iwo amalangiza zenera loyang'ana kumpoto, chifukwa kwawoko dzuwa limadutsa chakummwera, ndipo zenera lakumpoto limalowetsa kuwala kofatsa kopanda dzuwa lenileni. Koma Lilongwe, Lusaka ndi Harare ali kummwera kwa Ikweta, ndipo kumeneku zinthu n'zotembenuka. Miyezi yambiri ya chaka dzuwa limadutsa chakumpoto, makamaka mu Juni ndi Julayi, ndipo limangofika pamutu kapena kupendekera kummwera pang'ono kuyambira cha mu Novembala kufikira cha mu Febuluwale. Chifukwa chake zenera limene limapatsa kuwala kosasinthasintha kuno ndi loyang'ana kummwera. Loipa koposa ndi lakumadzulo: masana limawotcha wosoka, limasulutsa nsalu, limafooketsa ulusi wa thonje, ndiponso limaumitsa lamba wachikopa wa makina. Amene alibe zenera lina koma limenelo akolekepo kansalu koyera kopyapyala, kamene kamalowetsa kuwala koma kuletsa ukali wa dzuwa.

Usiku nyale iikidwenso kumanzere, pamwamba pang'ono pa mutu wa makina, kuti iwalire singano, osati maso. Ngati ili ya palafini isaikidwe patebulo la makina, pakuti makina akamayenda tebulo limanjenjemera, ndipo nyale imasendera pang'onopang'ono kufikira m'mphepete. Ikhale pakathabwa kake kokhomedwa pakhoma. Nyale za sola zachepetsa vuto limeneli, koma ngakhale ndi izo, kusoka nsalu yakuda ndi ulusi wakuda usiku ndiko kuzunza maso. Wanzeru amasoka zakuda m'mawa, nasiyira madzulo nsalu zoyera ndi ntchito yolumikiza mabatani.

Kuwala kukapezeka, wosoka ayang'ane pansi. Makina opalasa ndi mapazi amafuna pansi posalala ndi polimba. Mwendo umodzi ukalendewera, tebulo limagwedezeka pa kupalasa kulikonse, lamba amaterereka, ndipo msoko umatuluka wosalingana. Kuyesa kwake n'kosavuta: mbale ya madzi ikaikidwa patebulopo imaonetsa mbali imene yatsika. M'nyumba yozira ndi dothi miyendo yachitsulo imalowa pansi pang'onopang'ono, choncho pafunika kuyala matabwa awiri olimba kapena njerwa zowotcha pansi pake. Makina asakhudze khoma. M'nyengo ya mvula makoma amagwira chinyezi chimene chimabala dzimbiri, ndipo chiswe chimakwera khoma n'kulowa m'thabwa la tebulo mwini wake osadziwa. Palinso chifukwa china chosiyira mpata: nsalu ikadutsa pansi pa singano imapita kumbuyo, ndipo ikapeza khoma imaunjikana ndi kukwinyika. Kumanzere nakonso kukhale poti nsalu itsamire, kaya ndi katebulo kaya mpando, chifukwa nsalu yolemera ikalendewera imakoka singano, nkuipinda kapena kuithyola.

Mwina wina angafunse ngati kusamala konseku n'koyenera pa makina akalekale amene anasiyidwa ndi agogo. N'koyenera ndithu. Elias Howe analembetsa makina ake a msoko wa ulusi uwiri ku America m'chaka cha 1846, ndipo Isaac Singer analembetsa ake mu 1851. Makina ambiri a Singer amene anafika m'maiko olamulidwa ndi Britain anapangidwa ku Clydebank, ku Scotland, m'fakitale imene inagwira ntchito kuyambira m'zaka za m'ma 1880 kufikira pamene inatsekedwa mu 1980. Amadziwika ndi chilembo K pambuyo pa nambala yawo, monga 15K kapena 99K. Fakitaleyo inatha, koma makina ake akusokabe m'makonde ambiri, ndipo ena opangidwa ku China, monga Butterfly, anatengera kapangidwe komweko. Chitsulo chotere sichitha msanga ndi ntchito. Chimene chimachipha ndi madzi, fumbi ndi kusowa mafuta, ndipo ziwiri mwa zitatuzi zimachokera ku malo.

Za mpando anthu saganizirapo kwenikweni. Amatenga uliwonse umene uli pafupi, ngakhale bokosi la sopo. Tebulo la makina limatalika pafupifupi masentimita 75, ndipo mpando woyenera ndi umene umafikitsa zigongono za wosoka pa msinkhu wa tebulolo, mapewa ali omasuka. Ukafupika, mapewa amakwera ndipo khosi limauma. Ukatalika, msana umapindika. Ukhale ndi chotsamira kumsana, koma wopanda zotsamira mikono, zimene zimagunda tebulo ndi kukola nsalu. Wosoka akhale molunjika singano, osati pakati pa makina, ndipo mapazi onse awiri akhale pachopondera, lina patsogolo pang'ono pa linzake. Makina opukusa ndi dzanja amafuna tebulo lofupikirapo, popeza ali ndi bokosi lawo pansi limene limawakweza. Kuwaika pamphasa ndi kusoka chowerama, monga achitira ambiri kumudzi, kungatheke pa chigamba chimodzi, koma osati pa madiresi asanu.

Ntchito imene imasowa malo m'nyumba zambiri ndiyo kudula, ndipo ndiyonso ntchito imene kulakwa kwake kumawawa koposa. Msoko wokhota umamasulidwa ndi kusokedwanso. Koma mayi akabweretsa nsalu ya ukwati wa mwana wake, nsalu imene anaisungira ndalama miyezi inayi, ndipo wosoka aidula mopendekeka chifukwa anaiyala pabedi, palibe njira yoibwezera, ndipo mbiri yake imafika m'mudzi monse dzuwa lisanalowe. Bedi ndi lofewa: nsalu imalowa pansi pamene sizasi ikudutsa, ndipo nthawi zina sizasiyo imadulira kumodzi nsalu yofunda. Mphasa nayo ili ndi mizere imene imakola nsonga ya sizasi. Pofunika ndi pamalo polimba, posalala, ndi potakata.

Kutakata kwake kumadziwika poyang'ana nsalu zimene zimagulitsidwa. Zambiri zimakhala za masentimita 90, 115 kapena 150 m'lifupi, zimene atelala amazitchula kuti mainchesi 36, 45 ndi 60. Popeza nsalu imapindidwa pawiri podula, ngakhale yaikulu koposayo imangofuna malo a masentimita 75. Tsono chitseko chakale chosalala, chimene chimakhala cha masentimita pafupifupi 80 m'lifupi ndi mamita 2 m'litali, ndi tebulo lodulira labwino kwambiri. Chimagonekedwa pa tebulo lodyera kapena pa migolo iwiri yolingana, ndipo ntchito ikatha chimaimikidwa kukhoma osadya malo. Msinkhu wake ufike pa fupa la m'chiuno la wodulayo, ndiwo masentimita pafupifupi 90 kwa munthu wa msinkhu wapakati. Tebulo lodyera limaperewera pamenepo, koma njerwa ziwiri zogonekedwa pansi pa mwendo uliwonse zimakwaniritsa. Amene alibe zonsezi adule pasimenti posesedwa bwino, atagwada pa pilo. Ndipo nsalu ya thonje ichapidwe ndi kusitidwa isanadulidwe, pakuti imabwerera ikalowa m'madzi koyamba; malaya a sukulu amene anali okwana tsiku loyesa angathe kukana kumangika Lolemba lotsatira.

Kusita ena amakuyesa ntchito yomaliza, ya pamene chovala chatha. Si choncho. Msoko uliwonse uyenera kusitidwa usanakumane ndi msoko wina, ndipo apa m'pamene chovala cha telala wodziwa chimasiyanira ndi cha wophunzira. Chifukwa chake posita pakhale pafupi, koma poti wosoka aimirire kuti afikepo. Kuimirira kumeneko kumapumitsa msana ndi maso, zimene munthu wotanganidwa sakumbukira kuchita mwa yekha. Bulangete lopindidwa kanayi ndi kukutidwa ndi nsalu yoyera yakale likwanira, likayalidwa kumapeto kwa tebulo lodulira.

Simbi ya makala imafuna chisamaliro chake. Ikhale ndi njerwa yake yoikapo, kutali ndi mulu wa nsalu, ndipo ikupizidwe panja, chifukwa kamoto kamodzi kouluka kamaboola diresi. Zenera kapena chitseko chikhale chotsegula nthawi yonse imene makala akuyaka, pakuti makala amatulutsa mpweya woipa wopanda fungo umene umapweteketsa mutu, ndipo m'chipinda chotseka umapha. Simbi yamagetsi ilumikizidwe poti chingwe chake chisadutse m'njira. Pafupi pakhale kansalu ka thonje konyowetsa, koyala pakati pa simbi ndi nsalu yakuda kuti isanyezimire. Ndipo nsalu za nayiloni ndi poliyesita ziyesedwe kaye pa kachidutswa, popeza zimasungunuka. Kusita kuli ndi phindu linanso kuno: kutentha kwa simbi kumapha mazira a ntchentche ija imene imaikira pa zovala zoyanikidwa, ndi kubala mphutsi m'khungu la munthu.

Tizipangizo tating'ono ndito timadya nthawi yambiri ya wosoka, osati pogwiritsa ntchito, koma pofunafuna. Lamulo lake ndi losavuta. Chogwiritsidwa ntchito kawirikawiri, monga sizasi, tepi yoyezera, choko ndi mapini, chikhale pofikira dzanja lamanja munthu ali chikhalire. Chofunika kamodzi pa tsiku chilowe m'kabati ya makina. Chofunika kamodzi pa mwezi chipite m'bokosi. Thabwa lokhomedwa misomali pakhoma limasunga zambiri, ndipo msomali wopanda kanthu umaulula msanga kuti chinthu chasowa. Sizasi ya nsalu ikhale ya nsalu yokha. M'nyumba iliyonse muli bambo wofuna kudula mphira wa njinga, ndi mwana wofuna kudula pepala la kusukulu; njira yosungira mtendere ndiyo kugula sizasi ina yotchipa ndi kuikoleka poonekera, yabwinoyo nkuibisa. Tepi yoyezera imatamuka ikakalamba, choncho nthawi ndi nthawi iyerekezedwe ndi rula yathabwa.

Masingano asungidwe m'timapaketi tawo, pakuti nambala yolembedwa pa singano penipeni ndi yovuta kuwerenga. Pa paketi pamalembedwa nambala ziwiri, monga 90/14. Yaikuluyo imanena kunenepa kwa singano m'magawo 100 a milimita imodzi, ndipo yaing'onoyo ndi mawerengedwe akale a Singer amene atelala ambiri amawadziwa. Nambala 14 ndi ya chitenje ndi nsalu za malaya. 16 ndi 18, zimene zimalembedwanso 100 ndi 110, ndi za khaki wokhuthala ndi jinzi. 9 ndi 11 ndi za nsalu zopyapyala. Singano yobuntha imadumpha msoko ndi kukoka ulusi wa nsalu, ndipo ambiri amathamangira kwa wokonza makina pa vuto limene likanatha ndi singano yatsopano. Yothyoka isatayidwe pansi, koma m'kabotolo kotseka. Ulusi ukhale m'chitini chovundikira, kutali ndi dzuwa ndi fumbi. Mabatani m'mabotolo oonekera mkati, zipi m'thumba lawo.

Za mapini pafunika mawu olimba. Chizolowezi chogwira mapini ndi milomo n'choopsa: munthu akatsokomola, kapena wina akamuitana mwadzidzidzi, pini imatha kulowa kummero ngakhale m'mapapo, ndipo kuichotsa ndi ntchito ya kuchipatala chachikulu. Kapilo kakang'ono kodzaza utuchi wouma, komangirira padzanja, kamathetsa chizolowezi chimenechi. M'nyumba mmene muli mwana wokwawa, maginito ochotsedwa m'sipika ya wailesi yakufa ndi chida chamtengo wapatali. Akayendetsedwa pansi madzulo amatola mapini amene tsache lawasiya. Mwana wokulirapo amakopeka ndi chopondera, ndipo zala zazing'ono zalasidwa kambirimbiri motero. Wosoka akamachoka, ngakhale kwa kanthawi kokapakula nsima, achotse lamba pagudumu.

Nsalu ili ndi adani ambiri: chiswe, makoswe, mphemvu, njenjete ndi nguwi. Isagone pansi. Bokosi lachitsulo lokwezedwa pa njerwa limaletsa onsewa kupatula nguwi, ndipo nguwi imaletsedwa poonetsetsa kuti nsalu yauma gwa isanalowe, ndi potsegula bokosilo tsiku la dzuwa m'miyezi ya mvula. Timipira toyera tothamangitsa njenjete timaoneka ngati maswiti koma ndi poizoni, choncho timangidwe m'kansalu ndi kuikidwa pansi penipeni pa bokosi. Nsalu za eni zisasakanizike ndi za pakhomo. Iliyonse ikangofika imangiridwe kapepala ka dzina la mwini wake ndi tsiku lodzatenga, ndipo miyeso yake, mtengo umene agwirizana ndi ndalama zimene walipiratu zilembedwe m'kope limodzi losachoka pamalopo. Mikangano yambiri ya pakati pa telala ndi anthu ake imayamba ndi mawu akuti "ndinakuuzani", ndipo kope ndilo limaithetsa. Zidutswa zotsala zigwere m'thumba lokolekedwa kumanzere kwa tebulo. Zoposa chikhatho zisungidwe za zigamba, zina zonse zidzaze mapilo.

Amene amasokera anthu ena asaiwale poyesera zovala. Waya womangidwa pangodya ndi chitenje chokolekedwapo zimapatsa mlendo ulemu umene amayenera, makamaka ngati wosoka ndi bambo ndipo woyesa ndi mayi. Kalilole akhale wamtali ngati n'kotheka. Wamfupi apendeketsedwe kuti aonetse mpendero.

Khonde lili ndi kuwala kwabwino ndipo limaitana odutsa, n'chifukwa chake atelala amalikonda. Koma kuyambira Ogasiti kufikira Okutobala mphepo imadzaza fumbi m'makina, ndipo fumbi likasakanizika ndi mafuta limapala chitsulo ngati mchenga. Wosokera pakhonde ayenera kupukuta makina tsiku ndi tsiku ndi kuwalowetsa m'nyumba usiku. Kukhitchini nako sikoyenera, chifukwa cha utsi ndi nthunzi. Mafuta a makina, kaburashi kapena nthenga ya nkhuku yochotsera fumbi la nsalu pansi pa mano a makina, ndi sikuludilaiva zikhale m'chitini chawo, kutali ndi nsalu. Mafutawo akhale a makina osokera enieni, dontho limodzi pa bowo lililonse. Mafuta ophikira amaoneka ngati athandiza sabata yoyamba, kenaka amauma ngati ulimbo ndi kumanga makina onse. Pamenepo pafunika kutsuka ndi palafini ndi kuthiranso mafuta oyenera. Pambuyo pothira mafuta, msoko woyamba upite pa kachidutswa, osati pa nsalu ya mwini.

Makina amene alibe chivundikiro chawo chathabwa asokeredwe chansalu, ndipo imeneyi ingakhale ntchito yoyamba ya makina atsopano. Pulasitiki siyenera, chifukwa imatsekera chinyezi mkati, ndipo usiku kukazizira madontho amagwera pachitsulo. Khaki kapena nsalu ina yokhuthala ya thonje ndiyo yabwino. Wosoka ayeze kutalika kwa mutu wa makina kuyambira kugudumu kufikira kumapeto a kusingano, ayezenso kuchokera patebulo kutsogolo, kukwera pamwamba ndi kutsikira patebulo kumbuyo, awonjezere masentimita 5 mbali zonse, ndipo kutsogolo asokerepo thumba losungiramo kabuku ka malangizo kamene kanabwera ndi makinawo. Asanavundikire madzulo, aike kachidutswa ka nsalu pansi pa phazi la makina, atsitse phazilo, ndipo atembenuze gudumu kufikira singano italowa m'kansaluko, kuti mafuta otsikira ku singano usiku athere mmenemo.